Nkhope Ili Pansi pa Utoto

Mayi Kervella anakwera masitepe a kwa Anselme Rouvier Lachiwiri m'mawa, nsapato zawo zamatabwa zikugogoda sitepe iliyonse ngati zikuodira. Anselme anazimva ali chiimire ndi burashi m'manja. Nsapato zotero amavala ndi anthu a ku Bretagne, chigawo chakumidzi cha kutali ndi Paris, ndipo wa ku Bretagne amene iye ankamudziwa anali mmodzi yekha, bwenzi lake la ponda apa m'pondepo, Corentin Kervella, amene anapita ku nkhondo osabwerako.

Anali mayi wamfupi, wovala zakuda, kachipewa koyera kali pamutu. Honorine, amene ankakhala ndi Anselme ngati mkazi wake ngakhale wansembe sanauzidwe, anawapatsa mpando wokhawo umene unali ndi miyendo yokwanira, nawatsanulira khofi. Mayiwo anatulutsa m'basiketi keke ya batala yokulunga m'kansalu, naiika pakati pa mabotolo a mafuta ndi nsanza za utoto. Kenaka anafotokoza chimene anadzera, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akuyeseza mawu ake njira yonse m'sitima.

Boma silinawabwezere kanthu. Mtembo sunapezeke, choncho manda oti n'kukalirapo panalibe. Chithunzi cha kamera chinalipo chimodzi m'nyumba mwawo, koma Corentin anachitenga ulendo wina atabwera kudzacheza, ati akachiikitse m'galasi ku Paris, ndipo sichinabwererenso. Iwo sankadandaula, poti amayi olira anali ambiri m'mudzimo. Koma m'nyengo yozizira yapitayi anadzuka tsiku lina n'kuyesa kuona nkhope ya mwana wawo m'mutu, nkhopeyo osabwera. Mawu ake ankabwera, kayendedwe kankabwera, ngakhale katsokomoledwe. Nkhope yokha ndiyo inakana.

"Anandiuza kuti inu munamujambula, bambo," anatero mayiwo. "Ndabwera kuti ndimuone."

Anselme anayang'ana Honorine, Honorine anayang'ana kudenga. Pamenepo Anselme anapita kukhoma n'kutembenuza chithunzi chachikulu chimene chinali choyedzamira kumeneko.

Chinali chithunzi cha mitundu ya phulusa ndi dothi, chodzaza ndi zidutswa zosongoka zokwerana, ngati mbale yadothi imene yagwa wina n'kusesera pamodzi. Anselme ndi anzake ndi mmene ankajambulira. Ankati munthu saoneka kumbali imodzi, amatembenuka, amaseka, amawerama, ndiye wojambula woona mtima ayenera kumuonetsa mbali zonse nthawi imodzi. Kamera ankaitcha wabodza wa diso limodzi. Anyuzipepala ankawanyoza kuti ndi anyamata a mabokosi, ndipo iwo, monga mwa khalidwe la ojambula, anatola chipongwecho n'kuchivala ngati mendulo.

Mayi Kervella anaimirira, nayandikira, nabwerera m'mbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Chakongola ndithu, bambo. Nanga mwana wanga ali pati?"

Anselme anayamba kuloza. Apa ndi khutu, amayi. Apa ndi kaliwo wake. Ili ndi phewa likamaonedwa chakumbuyo, ndipo apa ndi phewa lomwelo chakutsogolo. Mawu amene ankagonjetsa nawo anthu ophunzira m'malo omwera khofi apa sanathandize kanthu. Mayiwo ankangogwedeza mutu monga amachitira pa Misa wansembe akamayankhula Chilatini, mwaulemu koma osatolapo kanthu. Pomaliza anatenga basiketi yawo, nanena kuti akugona kwa msuweni wawo pafupi ndi siteshoni mpaka Loweruka, ndipo adzadutsanso asanakwere sitima. Mwina bamboyo akafufuza bwino apeza china, chija chooneka munthu.

Anselme analonjeza kuti afufuza. Linali bodza, chifukwa panalibe choti afufuze. China chinalipo, ndipo ankadziwa pamene chinali.

Kalelo, iye ndi Corentin akadali pasukulu ya zojambula, kumene aphunzitsi a ndevu zoyera ankayeza mphuno ndi kamtengo, Anselme anamujambula mnzakeyo monga mmene ankaonekera, tsitsi, maso, kolala, zonse m'malo mwake, n'kupakapo vanishi wokhuthala wonyezimira. Patapita zaka, tsiku limene anakhazikitsa gulu lawo, anagwirizana lamulo lakuti aliyense abweretse ntchito zake zakale, ndipo chilichonse chofanana ndi munthu chikwiriridwe ndi utoto watsopano. Zithunzi za kamera anaziponya m'mbaula, akuimba. Cha Mayi Kervella chija chinapsera momwemo, ndipo amene anatsekula chitseko cha mbaulayo anali Anselme. Corentin mwini wake ananyamula chithunzi cha kusukulu chija, nachiika pamaso pa mnzake, nanena kuti chimenecho ndi ndende, amutulutsemo. Ndiye Anselme anajambula Corentin watsopano pamwamba pa Corentin wakale. Nkhope imene mayi ankafuna inali pansi pa zidutswa zimene ankawalozerazo.

Kugogoda kwa nsapato kutangozilala m'masitepe, Honorine anadula keke ija ndi mpeni n'kumupatsa Anselme chidutswa.

"Idya, wanamiza mfedwa, ufunika mphamvu."

"Usayambe."

"Ine ndayamba chiyani? Tsiku lija ndinalipo. Ndine amene ndinakugwirira nyale ukumufafaniza mwana wa eni ake. Vanishi uja ngolimba, utoto wapamwambawu ungathe kuchoka iye n'kutsala."

"Ungathe. Ungathenso kuchoka naye limodzi, n'kutsala ndi nsalu yokha."

"Ndiye ukuopa chiti? Kuti zikanika kapena kuti zitheka?"

Anselme anatembenuka. Anatenga chipewa n'kutuluka.

Chithunzi chapamwambacho sichinali chithunzi wamba. Chinali chimene chinamupatsa dzina, ndipo sabata yotsatira chinayenera kupachikidwa pakhoma lapakati pa chionetsero choyamba cha gulu lawo chithere nkhondo. Koma chimene chinkamudya Anselme si dzina. Iye ku nkhondo anamukana chifukwa cha chifuwa, natsala mu Paris ndi akazi ndi nkhalamba, ndipo zaka zonsezo m'mawa uliwonse ankatembenuza chithunzicho n'kukangana nacho monga ankakanganirana ndi mwini wake. Corentin sankatha kukhala phee pampando. Ankatembenuka, ankanyamuka kukayatsa kaliwo, ankabwerera akutsutsa zimene wanena yekha, ndipo chidutswa chilichonse pansalupo chinali kutembenuka kumodzi kwa masiku amenewo. Kwa anthu ena zinali zibenthu. Kwa Anselme anali Corentin yense amene anatsala naye.

Anayenda mu Montparnasse, dera la ojambula mu Paris, ngati nkhuku yofuna poikira. Analowa kwa mnzawo wosema miyala kukafunsa ngati anasungako chithunzi cha Corentin, wosemayo anamukumbutsa kuti tsiku la mbaula iye ndiye ankatsogolera nyimbo. Anakwera kwa mtsikana wina amene Corentin ankamunyengerera kale, anapeza anakwatiwa n'kusamukira ku Lyon. Anafika mpaka kusukulu yakale ija, n'kuima pachipata, n'kubwerera osalowa, pokumbukira mawu amene anawasiyira aphunzitsi tsiku limene ankachoka. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo iye ndi anzake anali atasiya milomo pakhomo lililonse mu mzindawo.

Madzulo ake anatulukira pamalo awo omwera khofi, napeza Bazile Ferrand, mtsogoleri wa gululo, atakhala pakona pake. Bazile anabwerako ku nkhondo ndi mkono umodzi, koma pakamwa panali pathunthu. Ndiye ankakonza chionetsero, ndipo chilichonse ankachiyeza ngati chikuthandiza gulu kapena chikuligulitsa. Anselme anamufotokozera za mayi aja, koma za vanishi sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira, poti Bazile nayenso analipo tsiku lija.

"Ndakuona kale m'maso, achimwene," anatero Bazile. "Ukachikhudza chithunzi chija ndi mpeni, ndikuthyola zala ndi dzanja langa latsalali."

"Ndi mayi ake."

"Aliyense ali ndi mayi ake. Anga mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti ndimapenta nyumba. Corentin anasankha yekha. Iwe ukufuna umubwezere m'ndende imene anathawa, chifukwa gogo wina wakupatsa keke?"

Anzawo apatebulopo anaseka. Wina anati amujambulire gogoyo mnyamata aliyense wa masharubu, misozi ikadzaza m'maso aliyense amafanana ndi mwana wako. Bazile sanaseke nawo. Anawerama n'kunena motsitsa mawu kuti iye anawaona anthu ataphulitsidwa ndi mizinga, ndipo chithunzi chija ndi chokhacho mu Paris chimene sichinama za Corentin. Anselme anafuna kumuuza kuti chinajambulidwa nkhondo isanayambe, ndipo ndi chithunzi cha munthu wamoyo, koma anangosiya vinyo wake osamwa n'kunyamuka.

Komabe mawu a mnyamata wa masharubu aja anamukakamira. Lachitatu miyendo inamutengera ku kasitolo kena ka pafupi ndi siteshoni, kumene munthu wina ankajambulira amayi ndi akazi amasiye asilikali awo omwalira. Pazenera panali mzere wa zithunzi. Anselme anaziyang'ana ndi diso la ntchito, naona kuti nkhope ndi imodzi yomweyo, chimasintha ndi masharubu ndi mtundu wa tsitsi basi. Ali chiimire, mayi wina anatuluka m'sitolomo atafungatira chithunzi pachifuwa, akulira koma nkhope ili yowala. Anselme anapsa mtima, ndipo chimene chinamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti dzanja lake linali litagwira kale chitseko. Anachisiya ngati chamuotcha.

Anabwerera kunyumba atatsimikiza kuti amujambula yekha Corentin kuchokera m'mutu. Kodi si iye amene ankapambana anzake onse kusukulu kuja? Lachinayi lonse anakhala pazenera ndi khala ndi mapepala. Ankayamba bwino, mphumi, nsidze, koma akafika pamphuno dzanja linkakhota lokha, mzere n'kuthyoka, tsaya n'kusanduka ngodya. Analiphunzitsa dzanjalo zaka zambiri kuti lisamvere diso, ndipo linaphunzira bwino kwambiri. Atalikakamiza, linatulutsa nkhope yosalala yopanda mwini, mbale wake wa zija za pazenera la sitolo. Pamenepo mantha anamugwira, chifukwa anazindikira kuti vuto silinali dzanja lokha. Anatseka maso kuti amuone Corentin, ndipo chimene chinabwera chinali khutu, kaliwo, phewa chakumbuyo. Matenda a Mayi Kervella anali nawo iyenso, kungoti iye anali ndi chithunzi chomubisira.

Honorine ankatola mapepalawo pansi n'kumayatsira mbaula. Sananenenso za vanishi. Anangopita kukagula botolo la mankhwala osungunulira utoto ndi mpukutu wa thonje, naziika patebulo pafupi ndi chotsala cha keke, ngati ndi mchere ndi tsabola. Anselme anazisuntha kuziika pansi pa bedi. Pobwera kokatunga madzi anazipezanso patebulo.

Lachisanu kunacha kowala, kuwala kumene wojambula amakulakalaka mwezi wathunthu. Anselme anaimika chithunzicho pazenera, namwa khofi ataima, nazungulira chipinda, natsika masitepe mpaka pakhomo, nakweranso. Anadziuza kuti angoyesa pangodya yapansi, malo ochepa ngati chikhadabo, oti n'kuwabwezeretsa Bazile osadziwa. Akapeza kuti wapansiyo anaonongeka, ndiye kuti nkhani yatha, mayi adzauzidwa zoona, ndipo iye adzagona tulo. Mumtima ankapemphera kuti apeze zoonongeka.

Ananyowetsa thonje n'kuliika pangodyapo, nadikira. Utoto unafewa. Anaukankha ndi mpeni wake wopyapyala, ndipo unanyamuka mosavuta ngati khungu la pamkaka. Pansi pake panali vanishi wonyezimira, ndipo m'kati mwa vanishiyo munali batani la jekete, lozungulira, lathunthu, ulusi wake ukuoneka.

Anakhala pansi. Honorine anabwera kudzaona, ndipo tsiku limeneli pakamwa pake panalibe chipongwe. Anati ngati sangathe, asiye, iye adzawauza yekha mayiwo kuti sichinapezeke, ndipo mlandu ukhale wake. Anselme anamuyang'ana modabwa, chifukwa akanakonda kuti amukakamize. Munthu ukakankhidwa umakhala ndi womuloza chala. Anaimirira n'kumupempha kuti amugwirire nsaluyo isagwedezeke.

Anayambira pansi kukwera m'mwamba. Phewa la chakumbuyo linapita, jekete yakuda n'kutulukira. Kaliwo anapita. Chidutswa chilichonse chikamanyamuka ankakumbukira tsiku lake: ichi ndi tsiku lija anakangana za nyimbo mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma, ichi ndi m'mawa uja Corentin anabwera atametedwa mbali imodzi chifukwa anatukwanizana ndi wometa. Ankazipukutira pansanza, nsanzazo n'kumaunjikana pamapazi pake, zotuwa, zonunkha mankhwala. Fungo linamuyambitsa chifuwa, anatsokomola mpaka misozi, koma sanaleke, podziwa kuti akangoika mpeni pansi sautolanso. Kuwala kunkayenda pakhoma, iye n'kumasuntha chithunzi kukutsata.

Nkhope anaisiya komalizira. Dzuwa litapendeka anaika thonje pakati penipeni, pamene panali ngodya zitatu zokumana zimene ophunzira ankazilembera nkhani m'magazini, ndipo atakankha mpeni, diso linamuyang'ana. Anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda tebulo. Honorine anadzilemba chizindikiro cha mtanda, iye amene sanapondeko m'tchalitchi chichokereni kwa makolo ake.

Pofika madzulo nkhope yonse inali poyera. Panali pokalika pang'ono pachibwano ndi pakhutu, koma yense analipo: mnyamata wa tsitsi lopesedwa bwino, masaya odzaza, kolala youma, atakhala mowongoka ngati akudikira kuti aphunzitsi amuyamikire. Ntchito inali yabwino, Anselme sakanakana. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akudikira kuti mtima wake umuzindikire. Uyu anali Corentin wongofika kumene mu Paris, wamanyazi, wotchula aliyense kuti bwana, amene anali asanaphunzire kutukwana kapena kusuta. Anselme ankamudziwa mnyamatayu monga mmene umadziwira munthu amene unakhala naye kalasi imodzi. Mnzake uja, wosakhazikika, wa makani, amene anagawana naye buledi ndi njala, munalibe m'menemo. Anali pansi, m'nsanza.

Honorine anafuna kuzisesa, iye anamuletsa. Kenaka anaona kuti n'zopusa, nsanza ndi nsanza, naziponya yekha m'chidebe cha zinyalala n'kuchikankhira kuseri kwa chitseko.

Loweruka m'mawa nsapato zamatabwa zinagogodanso. Mayi Kervella analowa atavala kale zapaulendo, nayamba kupepesa kuti asawavutitse, ngati sichinapezeke palibe kanthu. Sanamalize. Basiketi inatsetsereka pamkono n'kugwa, iwo osaimva. Anayenda mpaka pachithunzipo, natambasula dzanja, nasisita tsaya la mnyamatayo ndi kuseri kwa zala, monga amachitira mayi pofuna kumva ngati mwana watentha thupi.

"Ndiwe," anatero chapansipansi. "Wanenepa bwanji. Ankakudyetsa bwino kuno."

Analira ataima, mopanda phokoso, kenaka anaseka, naloza tsitsi, ati moyo wake wonse ankalimbana nalo kuti ligone choncho ndipo silinkamvera. Anafunsa kumene chinapezeka. Anselme anati chinali m'nyumba momwemo, chinangokwiririka ndi zinthu zina. Mayiwo anati ndi mmene zimakhalira m'nyumba za amuna, ndipo anamuyang'ana Honorine ngati akumuuza kuti azisesa. Honorine anavomera ndi mutu.

Anselme anachichotsa pamatabwa ake, nachikulunga bwino kuti chisavute m'sitima, ndipo mayiwo anachifungatira pansi pa shawelo yawo. Anakana kuperekezedwa, ati siteshoni ili pafupi ndipo tsopano sali okha. Atafika pakhomo anaima, nayang'ana Anselme kumaso. Anaona maso ofiira, zala zosupuka ndi mankhwala, munthu wosagona. Anasintha mawu, nasiya kumutchula kuti bambo.

"Mwana wanga, nawenso unaferedwa, ine ndimangoona zanga. Ndaganiza usiku wonse kuti ndinakulakwira tsiku lija. Chija cha zidutswa chija ine sindinachimve, koma ndinaona mmene unkachigwirira." Anamwazamwaza maso m'chipindamo, pakati pa zithunzi zoyang'ana kukhoma. "Usachite kuchitulutsa. Chimenecho ndi chako, uchisunge bwino. Aliyense akhale ndi Corentin wake."

Honorine anatembenukira kuzenera. Anselme anawagwirira chitseko mayiwo.

"Ndichisunga, amayi," anatero.